Lamlungu lomwe ndinakhala pampando ku Kalk Bay

Moni nonse abale anga, kulikonse komwe muli. Inu amene muli m'takisi pobwerera kunyumba, inu amene muli pamaganyu foni ili m'thumba, ndi inu amayi amene mwangogoneka mwana wa abwana n'kupeza kampata, takulandirani. Ndikuyankhula kuchokera kuno ku Cape Town. Mukamva chitseko chikugogoda musadabwe, ndi chimphepo chija amati south-easter, chayamba dzulo ndipo sichinaleke.

Lero ndikufuna tikambirane za kudya kunja, m'malo oti munthu wamalipiro ngati athuwa angalowe, n'kudya, n'kutuluka thumba lisanabooke.

Zaka ziwiri zoyambirira ndinkatsuka mbale m'lesitilanti ina yoyang'ana kunyanja. Ndinkalowera khomo lakuseri, kumene kuli mabini. Nyanjayo ndinkaionera pa kawindo kamene kanali pamwamba pa sinki. Tsiku lina ndikupukuta menyu maso anga anagwera pa mitengo, ndipo ndinapeza kuti mbale imodzi ya nsomba inkatsala pang'ono kufanana ndi ndalama yanga ya tsiku lonse. Kuchokera tsiku limenelo ndinaikhomera mumtima kuti kukhala pampando n'kupatsidwa chakudya ndi za azungu ndi alendo odzaona malo. Ine zanga zinali buledi ndi tiyi m'chipinda, ndalama yotsala pa lendi n'kutumiza kumudzi. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukukhala choncho, ndipo sindikukunyozani. Ana akufunika fizi, makolo akufunika mankhwala.

Amene anandichotsa m'chipindamo ndi alamu anga. Lamlungu lina titangolandira, anabwera m'mamawa n'kundiuza kuti, "Alamu, valani jekete, lero mukadya nsomba yomwe simunatsukire mbale yake." Ndinakana kawiri konse. Iwo anangokhala pabedi n'kumandidikira.

Tinakwera sitima ya njanji yopita ku Simon's Town. Amene simunaikwere, tsiku lina mudzaikwere. Mukangodutsa Muizenberg, njanji imayenda m'mbali penipeni mwa madzi, moti mafunde akakula amaoneka ngati alowera pawindo. Mumadutsa St James, paja pali tinyumba ta matabwa topaka utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, kenako n'kutsika pa Kalk Bay. Doko lake ndi laling'ono. Maboti a asodzi amakocheza pomwepo, amayi atavala maepuloni akutumbula nsomba pa matebulo a simenti, ndipo zinyama zija amati ma seal zagona pansi zikudikira matumbo, osaopa munthu.

Pakona ya dokolo pali malo otchedwa Kalky's. Palibe woti akulandireni pakhomo n'kukuyang'anani nsapato. Mumaima pamzere, mumalipira pakauntala, amakupatsani nambala, n'kukafuna pokhala. Pa tebulo lathu panali msodzi atavala majombo, banja lina la ana atatu, ndi azungu awiri okhala ndi kamera. Tonse tinkadya chimodzimodzi, ndi manja. Mayi wonyamula mbale atafuula nambala yathu, ndinadzidzimuka n'kuimirira kuti ndikawathandize. Alamu anandigwira mkono n'kunena kuti, "Khalani pansi, lero ndinu kasitomala." Abale anga, misozi inalengeza m'maso. Zaka ziwiri ndili m'mzinda uno, kanali koyamba munthu kundiikira mbale patsogolo.

Tsopano za nsombayo. Kuno akakufunsani, nthawi zambiri ndi pakati pa hake ndi snoek. Hake ndi yoyera, yofewa, ilibe minga yambiri, ndipo ngati muli ndi ana tengani imeneyo. Snoek ndi yaitali, yamafuta, yokoma mchere wake, koma minga yake ndi yaitali ngati singano zosokera matumba. Ubwino wake minga imeneyi imaoneka, mumangoisolola umodziumodzi. Ine ndimakonda snoek. Imachuluka kwambiri m'nyengo yozizira, ndipo ikagwidwa yambiri mumaona anthu akuigulitsa pa mabaki m'mbali mwa msewu. Tchipisi chake kuno amati slap chips, chofewa, chonenepa, chothira viniga ndi mchere. Poyamba viniga uja anandidabwitsa. Lero ndikadya tchipisi chopanda viniga ndimamva kuti chinachake chasowa. Chenjerani ndi mbalame zoyera za kunyanja zija. Mukangotembenuka kuti muyankhe foni, nsomba yapita.

Amene mumakhala ku Imizamo Yethu simukufunika ulendo wautali. Doko la Hout Bay lili pafupi, ndipo kumapeto kwake kuli Fish on the Rocks, komwe mumadya mutakhala pabenchi, madzi akumenya miyala pafupi nanu. Koma musaiwale jekete. Nyanja ya mbali imeneyo ndi Atlantic, madzi ake amazizira ngakhale mu Januwale.

Chakudya chomwe ndimachilemekeza kwambiri mumzinda uno ndi gatsby. Ndi buledi wautali ngati mkono wa munthu wamkulu, wong'ambidwa pakati, wodzaza tchipisi, nyama ya masala kapena poloni kapena soseji, letesi ndi sosi. Amaukulunga m'pepala n'kuudula panayi. Palibe amene amagula gatsby kuti adye yekha. Mbiri yake ndi imene inandigwira mtima. Mu 1976 bambo wina wa shopu ya nsomba ku Athlone, Rashaad Pandy, anali ndi anthu omwe ankamuthandiza kulambula malo. Madzulo njala itawawawa, anatenga zomwe zinalipo, buledi, poloni, tchipisi ndi atchar, n'kuphatikiza, n'kudula kuti aliyense alandire gawo. Shopu yake ndi Super Fisheries. Ndiye kuti chakudya chomwe lero alendo amachijambula ndi mafoni chinayambira pa anthu amaganyu otopa, ngati ine ndi inu. Ine ndikachigwira m'manja sindimva kuti ndabwereka za eni ake.

Ife timatere. Mwezi ukatha timakumana anayi, aliyense amaponya yake R50 kapena kuposerapo pang'ono ngati tikufuna ya nyama, n'kugula wathunthu ndi botolo lalikulu la chakumwa. Timakhala pakhoma kapena pa udzu, pepala lili pakati. Pamenepo m'pamene umamva kuti wina ntchito yamuthera, wina mayi ake agonekedwa m'chipatala, wina wamva kuti kwinakwake akufuna munthu wa m'dimba. Ntchito yomwe ndikugwira panopa ndinaimvera pa pepala la gatsby. Abale athu achisilamu musade nkhawa, mashopu ambiri a gatsby ku Cape Flats ndi a halaal, chikalata chake amachipachika pakhoma. Kungoti Lachisanu masana ena amatseka kaye kuti apite ku mapemphero, ndiye musapite nthawi imeneyo njala ili pakhosi.

M'tauni muli Eastern Food Bazaar, pakati pa Longmarket ndi Darling Street. Mumayamba mwayang'ana zithunzi za zakudya, mumalipira pa till, kenako mumapita ndi kapepalako pa kauntala ya chakudya chomwe mwasankha. Biriyani wawo mbale imodzi mutha kugawana awiri. Ku Bellville nako kuli malesitilanti a anthu a ku Somalia, komwe mpunga ndi nyama amabweretsa pamodzi ndi nthochi yakupsa. Musaisunge kuti mudye pomaliza, iduleni m'mpungamo. Tiyi wawo wa zonunkhiritsa amatenthetsa m'chifuwa mvula ya Julaye ikamagwa.

Pali chimodzi chomwe ndikupempheni ngati munthu amene anaimapo kuseri kwa khitchini. Pamalo ogula pakauntala palibe amene angakufunseni tipi. Koma mukakhala pamalo oti weta akubwera pa tebulo, kuno mwambo wake ndi kuwonjezera 10 peresenti pa bilu. Muziiwerengera musanalowe. Maweta ambiri malipiro awo ndi ochepa, amadalira tipi imeneyo, ndipo ambiri mwa iwo ndi alendo ngati ife, ochokera ku Zimbabwe, ku Congo, ndi kwathu komwe. Ngati ndalama sikukwana ndi tipi yomwe, ndibwino kupita kwa pakauntala. Palibe manyazi pamenepo.

Usiku wa Lamlungu lija ndinaimbira mayi a ana kumudzi. Ndinali ndi mantha kuwauza kuti ndadya ndalama pa nsomba ya m'lesitilanti. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Bambo a ana, inu mukadwala ndi njala kumeneko, atitumizire ndani? Muzidya." Anandifunsanso kuti nsomba ya m'madzi amchere imakoma bwanji, ndipo tinatha mphindi khumi ndikuwafotokozera za minga ya snoek mpaka mayunitsi anatha.

Sabata yatha kwafika mnyamata wa kumpingo kwathu, ali ndi zaka 22. Wapeza ntchito yotsuka magalimoto, ndipo chifikireni sanaione nyanja ndi maso. Ndamuuza kuti Lamlungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi asathamangire kuchipinda. Wakana kale kamodzi, akuti akusunga ndalama. Ndamuyankha kuti ya sitima ndi ya nsomba ndilipira ine, iye angobweretsa jekete. Amene muli pafupi ndipo mukufuna kubwera nafe, tikumane pa siteshoni ya Muizenberg cha m'ma 1 koloko. Tsalani bwino abale anga, tionana sabata yamawa.