Ayuda ku Sosúa: kodi Trujillo analidi wachifundo?

Takulandiraninso, abale! Lero tili ku Sosúa, kumpoto kwa Dominican Republic. Musachoke, pa nambala 2 pali bodza limene limandiwawa.

Nambala 1, mwachangu. July 1938, mayiko 32 anakumana ku Evian, ku France, kukambirana za Ayuda othawa Hitler. Pafupifupi onse anangoti pepani, kwathu kwadzaza. Dominican Republic yokha ndiyo inatchula chiwerengero chachikulu: tilandira mpaka 100,000.

Nambala 2, bodza lija. Amati mtsogoleri wa dzikolo, Rafael Trujillo, anali wamtima wabwino. Aaa, ayi! Mu October 1937, kutatsala miyezi 9 yokha kuti msonkhanowo uchitike, asilikali ake anapha anthu a ku Haiti masauzande ambiri m'malire, ambiri mwa iwo ndi zikwanje. Mbiri yake inanunkha mpaka ku Washington, ndiye ankasaka sopo woti aichapire. Komanso mkuluyu ankafuna azungu oti akwatirane ndi eni dziko, mtundu "uyere". Mwamva? Wopha anthu chifukwa cha khungu, akuitana othawa tsankho chifukwa cha khungu lomwelo! Nanga 100,000 aja? Ofika ku Sosúa sanakwane ndi 1,000 omwe. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inavuta panyanja, ma visa odutsira ku America nawo anali ovuta kupeza. Inde, amene anafikawo anapulumuka, zimenezo sindikutsutsa. Koma chifundo? Lembani m'makomenti ngati munamvapo zosiyana, tikangane.

Ngati simunasabusikilaibe, dinani batani lofiiralo, ndi laulere, kenako kabelu.

Nambala 3, ulimi. Bungwe la DORSA, lothandizidwa ndi Ayuda a ku America, linalandira malo okhazikapo othawawo ku Sosúa, amene kale anali munda wa nthochi wa United Fruit Company. Ayuda oyamba anafika mu May 1940. Tangoganizani mnyamata wa ku Vienna, wozolowera nsapato zopolisha, akupatsidwa khasu panthaka yamiyala, dzuwa likuswa mtengo. Mbewu sizinawayendere bwino. Zinthu zinasintha atayamba kuweta ng'ombe zamkaka: tchizi, batala, masoseji. Dzina la kampani yawo, Productos Sosúa, likadali m'mashelefu a m'dzikomo mpaka lero.

Nambala 4: nkhondo itatha, ambiri anapita ku United States. Sunagoge wawo wamatabwa akadalipo ku Sosúa.

Vidiyo yotsatira tipita ku Argentina, kuminda imene Baron Maurice de Hirsch anagulira Ayuda a ku Russia. Gawirani anzanu pa WhatsApp!