Odishoni sadikira munthu: zomwe wochita zisudzo ayenera kukhala nazo m'chikwama

Zikomo a mfumu, zikomo akomiti, ndi inu makolo amene mwasiya ntchito zanu n'kubwera. Achinyamata muli kumbuyoko sunthirani kuno, mabenchi alipo, nkhaniyi ndi yanu.

Ndiyambe ndi funso. Nditakuuzani kuti mawa 8 koloko m'mawa kuli odishoni ya filimu ku Blantyre, kumene amayesa anthu n'kusankha oti asewere mufilimuyo, ndani pano angangodzuka n'kukwera minibasi, osayamba wathamangira kwa wojambula zithunzi kapena kukabwereka foni ya mnzake? Kwezani mkono. Awiri. Gulu lonseli awiri basi.

Uthenga wa odishoni subwera ngati khadi la ukwati limene limafika kutatsala mwezi wathunthu. Umagwa pa WhatsApp Lachitatu madzulo, Loweruka anthu asankhidwa kale. Pamasiku atatu amenewo magetsi azima, bandulo yatha, kwa aneba kwagwa maliro ndipo simungasiye kupita. Wopanga filimu sadikira zimenezo, chifukwa kamera ndi galimoto wachita kubwereka ndipo amalipira tsiku lililonse. Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena mumtima: ife luso tili nalo, tipatseni mutu tipeka pomwepo. Inde, kupeka timatha. Masewero athu ambiri a m'madera, a zaumoyo, a kutchalitchi, timangogwirizana kuti iwe ndiwe bambo woledzera, iwe ndiwe mayi, basi tayamba, anthu n'kuseka mpaka misozi. Ndipo tonse tinakula tikuona Izeki ndi Jakobo, malemu a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, akuponyerana mawu ngati akungocheza pakhonde. Koma kuponyerana kumene kuja kunachokera pa zaka zambiri zogwira ntchito limodzi, wina ankadziwa pomwe mnzake apumire. Inu pa odishoni mnzanu palibe. Muli nokha, kutsogolo kuli anthu atatu pa tebulo amene aona kale anthu ambirimbiri kuyambira m'mawa, ndipo sakuseka.

Ndinakhalapo pa tebulo lotere. Kunabwera mnyamata amene kwawo amatchuka kwambiri ndi nthabwala. Titamuuza kuti ationetse chomwe wakonza, anati, "Bwana, ndiuzeni zoti ndichite." Tinamupatsa pepala la mizere isanu. Anawerenga ngati akuwerenga chilengezo cha kumpingo, maso ali papepala, mawu akunjenjemera. Pambuyo pake kunalowa mtsikana wamanyazi amene luso lake silinkafika pa la mnyamatayo. Iye anali ataloweza kagawo kake, anadziwa poyambira ndi pothera, ndiye titamuuza kuti abwereze koma mokwiya, anatha kusintha nthawi yomweyo. Tinatenga mtsikanayo. Mvetsetsani pamenepa: wotsogolera sewero safuna kungoona kuti mumatha kuloweza. Akufuna aone ngati mungasinthe akakuuzani. Ndipo munthu amene mutu wake uli kalikiliki kufunafuna mawu otsatira sangamve n'komwe zomwe akuuzidwa.

Ndiye choyamba kukhala nacho ndi timagawo tiwiri ta sewero tolankhula munthu mmodzi, kalikonse kosapitirira mphindi ziwiri. Kena ka Chichewa, kena ka Chingerezi; kena kolemera, kena kopepuka. Sankhani munthu wa msinkhu wanu. Mnyamata wa zaka 19 kudzipaka ufa kumutu n'kumayenda chowerama ngati gogo, kubwalo la mpira zimaseketsa, koma pa kamera zimangooneka ufawo. Ndipo chonde, kulira si luso lokhalo. Aliyense amabwera ndi nkhani ya mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi omupeza, n'kudzigwetsa pansi. Pofika masana ife a pa tebulo timakhala titalirira amasiye okwanira chaka chonse.

Za Chingerezizo musaziope. Malemu Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, anayamba kudziwika pa mipikisano ya masewero a Chingerezi ya ATEM, bungwe lolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Chingerezi m'Malawi, ali ku sekondale. Mipikisano imene ija imaphunzitsa chinthu chomwe ambiri a ife tinachidumpha, kugwira sikiriputi, sewero lolembedwa papepala, milungu ingapo mpaka mawu a wolemba asanduke ako. Koma Chichewa chanunso musachipeputse. Filimu ya moyo wa William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka pa Netflix mu 2019, anaijambula kwathu konkuno ku Kasungu. Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain, anachita kuphunzira Chichewa kuti asewere ngati bambo ake a William, ndipo amene anasewera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Lily Banda wathu anali momwemo ngati mchemwali wake. Chinenero chimene anzathuwo anakhetsera thukuta inu munayamwa. Filimu yoteroyo ikadzabweranso, adzafunse chithunzi ndi kanema wanu, mudzati dikirani kaye?

Chithunzicho chikhale cha nkhope ndi mapewa, chojambulidwa panja pa mthunzi, kumbuyo kuli khoma losalemba kanthu. Osati cha pa ukwati mutadula mkono wa mnzanu, osatinso chomwe foni yakuyeretsani mpaka amayi anu sangakuzindikireni. Mukalowa m'chipinda, akufuna aone munthu yemwe ali pachithunziyo.

Kenako pepala limodzi la mbiri yanu: dzina, nambala ya foni yomwe imagwira, kutalika kwanu, zinenero zomwe mumalankhula, masewero omwe munachitapo ndi gawo lomwe munatenga. Ngati mumatha Chitumbuka, Chiyawo kapena Chisena lembani. Kuvina manganje, kuimba ng'oma, kupalasa njinga ya kabaza mutanyamula munthu, zonsezo ndi luso. Bodza lokha ayi. Mukalemba kuti mumasambira, tsiku lina mudzapezeka muli m'bwato ku Mangochi.

Kanema mujambuliretu pa foni, foniyo mutaigoneka chopingasa, kuwala kukumenyani kumaso osati kumsana. Jambulani m'mamawa chigayo chisanayambe kulira. Mujambulenso mawu okha, chifukwa masewero a pa wailesi monga Zimachitika a Story Workshop amafuna mawu, nkhope alibe nayo ntchito. Zonsezi musunge pawiri, mu foni ndi pa imelo, foni imabedwa.

Makolo, mawu awiri kwa inu. Mwana wosakwana zaka 18 asapite yekha, ndipo mumulembere kalata yovomereza. Odishoni yeniyeni sichitikira m'chipinda cha malo ogona alendo usiku, ndipo munthu akayamba ndi kuitanitsa ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti mwana wanu "apatsidwe gawo", funsani kaye kwa ife akomiti musanatumize.

Loweruka likubwerali tikumana pompano 2 koloko masana. Aliyense abwere ndi kagawo kamodzi ataloweza, ndi chiphaso cha unzika ngati ali nacho. Foni yojambulira ndibweretsa ine, khoma tigwiritsa ntchito la kuseri kwa holoyi. Awiri munakweza mikono aja, muyamba ndinu.