Atatu kumbuyo m'malo mwa anayi: ayambe ndani?

Aphunzitsi anzanga, nkhani ya lero ndi ya timu imene yakhala ikuseweretsa otseka kumbuyo anayi, ndipo tsopano mwaganiza zoti kumbuyoko kutsale atatu. Ambiri amati ntchito yake ndi yapafupi, ungochotsa mmodzi mwa anayi aja n'kumukankhira pakati, basi. Ayi, si choncho. Mukasintha kaimidwe ka kumbuyo, ntchito ya anthu 7 imasinthiratu, ndipo munthu muyenera kumusankha poona ntchito yatsopanoyo, osati poona nambala ya jezi imene wakhala akuvala.

Chitsanzo chimene ambiri a inu munachiona pa kanema ndi cha Chelsea. Pa 24 Sepitembala 2016 anagonja 3-0 kwa Arsenal, zigoli zonse m'chigawo choyamba, atangogonjanso 2-1 kwa Liverpool. M'chigawo chachiwiri cha masewero omwewo mphunzitsi wawo Antonio Conte anatulutsa Cesc Fàbregas n'kulowetsa Marcos Alonso, kumbuyo kukhala atatu. Kuyambira pa masewero a Hull City pa 1 Okutobala anapambana masewero 13 otsatizana a mu ligi ya ku England, 6 oyambirirawo osamwetsedwa chigoli ngakhale chimodzi, ndipo anatenga ligi ndi mapointi 93. Anthu amakumbukira manambala a 3-4-3, kutanthauza atatu kumbuyo, anayi pakati ndi atatu kutsogolo, koma chimene ndikufuna muone ndi anthu amene anasankhidwa ndi amene anakhala pa benchi.

Yambani ndi osewera awiri a m'mbali, awa amati ma wing-back. Musayambe ndi atatu akumbuyo aja, ndikubwereza, yambani ndi a m'mbali, chifukwa ngati mulibe anthu awiri oyenera malo amenewa, kusinthako kusiyeni kaye. Munthu ameneyu mpira ukakhala kwa inu ndi winga, ndipo mpira ukapita kwa adani ndi wotseka kumbuyo wachisanu. Mwina apa ndafulumira. Ndikutanthauza kuti timu imene papepala mwailemba 3-4-3, ikataya mpira imaima 5-4-1, ndipo amene amachititsa kuti atatu asanduke asanu ndi awiri a m'mbaliwa, pothamanga kuchokera ku golo la adani kubwerera ku golo lanu, masewero onse. Conte kumanja anaikako Victor Moses wa ku Nigeria, winga amene Chelsea inkangomubwereketsa ku Liverpool, ku Stoke City ndi ku West Ham, ndipo kumanzere anaikako Alonso, wamwendo wamanzere, amene anali atangobwera kuchokera ku Fiorentina. Sanali maina akuluakulu a timuyo. Anali anthu a mpweya wautali ndiponso omvera.

Powayesa, musawathamangitse mozungulira galaundi ayi. Muuzeni mnyamata athamange kuchokera pa bokosi lanu kukafika pa mzere wa adani, aponye mpira m'bokosi, abwerere msanga, kenaka abwereze kangapo, ndipo inu muyang'ane mpira umene akuponya atatopa, osati woyamba uja. Muyang'anenso chimene amachita mpira ukalandidwa, ngati amatembenuka nthawi yomweyo kapena amaima n'kugwira m'chiuno. Pa magalaundi athu a fumbi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, konzekeraninso munthu wachitatu pa benchi wa malo amenewa.

Pali mphunzitsi wina amene anauzidwa zimenezi ndi anzake, koma iye anati winga wake wachenga, wokondedwa ndi masapota, sangakhale panja, ndiye anamuika pa wing-back. Mnyamatayo anali waluso ndithu, koma kubwerera sankakudziwa ndipo sankakufuna. Adani anaona msanga, mipira yonse n'kumaiponya kumbuyo kwake, ndipo amene anatukwanidwa ndi masapota anali wotseka kumbuyo wa mbali imeneyo, amene ankatsala yekha ndi anthu awiri. Winga wotereyu malo ake ndi pakati pa atatu akutsogolo, monga mmene Eden Hazard wa Chelsea anamasukira ntchito yobwerera itamuchokera.

Tsopano atatu akumbuyo. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene timu imene ndinkaphunzitsa inavutikira kwambiri. Maganizo oyamba amene amabwera ndi akuti mutenge anyamata atatu ataliatali, amphamvu, odziwa kumenya mpira ndi mutu, muwandandalike. Koma awiri a m'mphepete mwa atatuwa, wakumanja ndi wakumanzere, ntchito yawo yaikulu imachitikira kunja kwa bokosi, kufupi ndi mzere wa m'mbali, pamene wing-back wapita kutsogolo ndipo winga wa adani walandira mpira pamalo amene atsala opanda munthu. Wotseka kumbuyo wamkulu thupi, wochedwa kutembenuka, akatulutsidwa kumeneko amadutsidwa, ndipo akaopa kutuluka n'kukhala m'bokosi, winga uja amaponya mpira mosatekeseka. Ife zinatichitikira zonse ziwiri, m'masewero amodzi. N'chifukwa chake pamalo amenewa nthawi zambiri amayenera ndi munthu amene kale anali fulubaki, wotseka kumbuyo wa m'mbali mwa anayi aja. César Azpilicueta anali fulubaki, ndipo Conte anamulowetsa mkati kumanja kwa atatu aja. Gareth Southgate anachita chimodzimodzi ndi Kyle Walker mu timu ya England pa World Cup ya 2018. Ndiye fulubaki wanu wakale uja, wosakonda kupita kutsogolo koma wovuta kumudutsa, musamuthamangitsire ku wing-back. Mulowetseni mkati.

Ndibwerere pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti ena asokonezeka. Mafulubaki anu awiri akale sapita malo amodzi. Wothamanga, wokonda kukwera, ayesedwe pa wing-back. Wodekha, wodziwa kulanda mpira, ayesedwe m'mphepete mwa atatu. Ndipo n'zotheka kuti mmodzi asapeze malo konse. Branislav Ivanović anali atasewera kumanja kwa Chelsea zaka zambiri, koma liwiro linali litachepa, malo onse awiri sanamuyenere, ndipo kumayambiriro kwa 2017 anapita ku Zenit ya ku Russia.

Wakumanzere mwa atatu aja akakhala wamwendo wamanzere ndi bwino, chifukwa mpira umatuluka msanga kupita kwa wing-back, koma si lamulo, pakuti Gary Cahill, amene Conte anamuika pamenepo, ndi wamwendo wamanja ndipo anasewera kumeneko chaka chonse. Wapakati ndiye akhale munthu wowerenga masewero, wolankhula, wodziwa kupereka mpira wautali. Iye nthawi zambiri amatsala wopanda munthu womugwira, ndiye ntchito yake ndi kutseka pamene anzake adutsidwa. David Luiz, amene anali wapakati ku Chelsea, anthu ankamunena kuti amachoka pamalo pake mosaganiza pamene akumbuyo anali anayi, koma atakhala ndi mnzake uku ndi uku, chaka chimenecho chinamuyendera bwino kwambiri. Ngati muli ndi mkulu wina wochedwa miyendo koma wanzeru, malo ake ndi amenewa, pakati, osati m'mphepete.

Komabe kulowetsa fulubaki mkati kuli ndi mtengo wake, ndipo muudziwiretu. Amene anathetsa chipambano chotsatizana cha Chelsea anali Tottenham, pa 4 Januwale 2017, 2-0. Zigoli zonse ziwiri anamwetsa ndi Dele Alli, ndi mutu, mipira yoponyedwa ndi Christian Eriksen kupita ku pholo lakutali, pakati pa Azpilicueta ndi Moses. Zigoli ziwiri zofanana. Azpilicueta si wamtali, ndipo Moses sanakulire ntchito yotseka kumbuyo. Choncho posankha, musayang'ane munthu payekha, muyang'ane awiriwa pamodzi, wing-back ndi mnzake wamkati wa mbali yomweyo. Ngati mmodzi ndi wamfupi, winayo akhale wotha kulumpha. Muwaike pamodzi pa zokonzekera, muponye mipira ku pholo lakutali mobwerezabwereza, ndipo mumvetsere amene akufuula kuti "wanga" kapena "tuluka" kapena "bwerera". Awiri amene salankhulana musawaike mbali imodzi, ngakhale onse atakhala aluso. Ndikubwerezanso, pakuti ndi pomwe ife tinamwetsedwera: agwirizane masewero asanayambe kuti winga wa adani akalandira mpira atuluke ndani, ndipo winayo atseke pati.

Pakati mwatsala anthu awiri okha, pamene adani ambiri amakhala atatu. Apa musankhe anthu othamanga. Conte ankayambitsa N'Golo Kanté ndi Nemanja Matić, ndipo Fàbregas, amene ankaposa onsewo popereka mpira, masewero ambiri ankayambira pa benchi n'kulowa pamene timu ikufuna chigoli. Ngati katswiri wanu wapakati sathamanga ndipo simungathe kumusiya panja, chotsani mmodzi kutsogolo kuti pakati akhale atatu, musewere 3-5-2. Goloboyi ndi womwetsa zigoli wanu asasinthe, amenewo mukuwadziwa kale.

Za otsala panja. Kaputeni wa Chelsea nthawi imeneyo, John Terry, anali atavulala pamene kusinthaku kunkachitika, ndipo atachira anapeza atatu aja akhazikika, n'kukhala pa benchi nthawi yaitali. Zoterezi zidzakupezani. Munthu amene wakhala akuyamba muitaneni pambali musanawerenge maina pagulu, mumuuze ntchito imene malo aja akufuna tsopano ndiponso malo amene angalimbirane. Ndinaona mphunzitsi wina amene anachenjezedwa za zimenezi koma anangowerenga maina tsiku la masewero, ndipo mkulu wa timu anavula jezi n'kupita kwawo, anzake awiri n'kumutsatira.

Chinanso, ndinatsala pang'ono kuiwala, ndi nthawi. Chelsea chaka chimenecho sinali m'mipikisano ya ku Ulaya chifukwa inathera pa nambala 10 chaka chapitacho, ndiye Conte anali ndi sabata yathunthu yophunzitsa. Inu mwina anyamata anu amakumana kawiri pa sabata akaweruka kuntchito kapena kusukulu. Ndiye musankhe a m'mbali amene amabwera ku zokonzekera mosajomba, muyese kaye pa masewero apaubale, ndipo asanu akumbuyowo mukawapeza muwasiye asewere limodzi masewero angapo otsatizana musanakhudzepo aliyense, ngakhale atamwetsedwa pa masewero oyamba.