Masiku asanu okha: chifukwa chake mapulateleti sakhalitsa m'thumba

Zikomo amayi ndi abambo chifukwa chobwera. Ndaima pano chifukwa cha nkhani ya mtsikana wathu uja amene anagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri zapitazo, magazi akutuluka m'mphuno ndi m'nkhama osaleka. Achibale anathamangira kukapereka magazi, koma anauzidwa kuti chimene mwanayo ankasowa sichikanachoka m'mitsempha yawo n'kulowa mwa iye tsiku lomwelo, popeza magazi amayamba ayezedwa ndi kulekanitsidwa. Mwanayo akupezako bwino tsopano, koma mphekesera imene inabuka, yoti achipatala amataya magazi a anthu, ikuyendabe pakati pathu, ndipo ena mwa amene mukuifalitsa mwakhala pomwe pano. Sindikukalipirani, koma ndikupempha kuti mundimvetsere.

Chimene mwanayo ankasowa ndi mapulateleti, tizidutswa tating'onoting'ono ta m'magazi timene timathamangira pa bala n'kumatirirana kuti magazi aundane. Timapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, ndipo munthu wathanzi amakhala nato pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kamodzi kotchedwa microlitre. Ngakhale m'thupi momwe, moyo wake ndi wa masiku 7 mpaka 10 basi. Tikaikidwa m'thumba losungiramo magazi, nthawi zambiri timasungika masiku asanu okha, pamene maselo ofiira amatha kufika masiku 35 kapena 42 mufiriji, ndipo madzi a m'magazi otchedwa pulasima akaumitsidwa amatha chaka. Gwiritsitsani chiwerengero chimenechi: masiku asanu okha.

Kodi chimawononga mapulateleti msanga chotere n'chiyani? Nonse munaonapo chitsulo chosiyidwa panja chikuchita dzimbiri, ndipo chimene chimachidya ndi mpweya womwewu wa okosijeni umene timapuma. Mapulateleti ali m'thumba amakhala amoyo, amapuma okosijeni ndi kudya shuga kuti apeze mphamvu. Popanga mphamvuyo, tizigawo ta m'kati mwake totchedwa mitochondria timatulutsanso tinthu taukali tochokera ku okosijeni, timene timadya khungu la pulateleti ndi mapuloteni ake monga momwe dzimbiri limadyera chitsulo. Pulateleti ili ndi alonda ake, monga glutathione, catalase ndi superoxide dismutase, amene amazima tinthu timeneti tisanawononge. Alonda akachepa mphamvu, zowononga n'kuchuluka, pamachitika chimene akatswiri amachitcha oxidative stress, dzina limene katswiri wa sayansi wa ku Germany, Helmut Sies, analitchukitsa mu 1985.

Vuto la pulateleti ndi lakuti ilibe nucleus, ndiye kuti ilibe likulu lolamula kuti zida zambiri zatsopano zipangidwe, choncho imadalira kwambiri zimene inabadwa nazo. Masiku akamapita, asidi wa lactate amachuluka m'thumba, pulateleti imasiya maonekedwe ake aphwatalala n'kukhala yobulungira, imatulutsa msanga mankhwala amene inayenera kusungira tsiku la bala, ndipo kunja kwake kumaoneka chizindikiro chouza thupi kuti yakalamba. Ikalowa mwa wodwala itafika pamenepo, thupi limaichotsa m'magazi isanagwire ntchito yokwanira. N'chifukwa chake matumba ake amapangidwa ndi pulasitiki yolola mpweya kulowa ndi kutuluka, ndipo amagonekedwa pa makina amene amawagwedeza pang'onopang'ono usana ndi usiku, pa kutentha kwa madigiri 20 mpaka 24. Ndimakumbukira tsiku loyamba limene ndinaona katswiri wa mulabu atakweza thumba pa kuwala n'kulipendeketsa. Ndinaganiza kuti akungosewera, koma ankafuna kuona ngati m'kati mukunyezimira mozungulira ngati utsi, chizindikiro choti mapulateleti akadali abwino.

Bambo kumbuyoko mwakweza mkono. Mukufunsa kuti bwanji osangowaika mufiriji monga magazi enawo?

Funso lanu ndi labwino, bambo, ndipo kale madokotala ankachita zomwezo. Mu 1969 madokotala a ku America, Scott Murphy ndi Frank Gardner, anaonetsa kuti mapulateleti osungidwa pozizira sakhalitsa m'thupi la wodwala poyerekeza ndi osungidwa pa madigiri 22. Kuzizira kumasintha khungu lawo, ndipo chiwindi chimawazindikira n'kuwachotsa m'magazi mofulumira. Kwa munthu amene mafupa ake sakupanga mapulateleti, monga wodwala khansa ya m'magazi, amene afunika kutetezedwa kwa masiku angapo, zimenezi sizithandiza. Tsono taonani msampha wake: kutentha kumene mapulateleti amakukonda ndi komwenso mabakiteriya amaswana mosavuta, ndipo kachilombo kamodzi kochokera pakhungu la wopereka magazi kakhoza kuchuluka m'thumba mpaka kudwalitsa koopsa wolandira. Ndiye malire a masiku asanu ali ndi zifukwa ziwiri, kukalamba kwa mapulateleti ndi kuopa mabakiteriya. Kumene ali ndi njira zoyezera mabakiteriya amafika masiku 7. Ndikuuzeninso, bambo, kuti maganizo anuwo sanatayidwiretu, chifukwa mu 2023 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalola kusunga mapulateleti pozizira mpaka masiku 14, koma kwa odwala okhawo amene akutaya magazi nthawi yomweyo, mapulateleti osungidwa mwa nthawi zonse akasowa. Thumba lodutsa masiku ake limatayidwadi, ndipo wolitaya akuteteza wodwala, sakuwononga mphatso yanu.

Pamenepa ndi pamene ndimadandaula nafe. Timadikira kuti wina wa m'banja mwathu agone kaye pa bedi, kenaka timapita tonse tsiku limodzi, ndipo pambuyo pake miyezi imatha popanda ndi mmodzi yemwe wopita. Kumbukirani kuti thumba limodzi lokwanira wodwala wamkulu limafuna mapulateleti a anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi, pokhapokha ngati pali makina otapa mapulateleti okha mwa munthu mmodzi, ndipo mwa masiku asanu aja ena amathera pa kuyeza. Masiku asanu okha, abale anga.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kukhomo, choncho ndifulumire. Musadikire ngozi, pitani mukadali athanzi, ndipo gawanani masiku kuti ena apite sabata ino, ena sabata yamawa. Imwani madzi okwanira musanapite, yankhani mafunso a anamwino moona mtima, ndipo ngati muli ndi malungo kapena chilonda chimene chatukusira, dikirani muchire kaye. Ngati mwamwa asipirini masiku angapo apitawo nenani, chifukwa mankhwala amenewa amafooketsa mapulateleti mpaka thupi litapanga ena atsopano. Mukadwala mutangopereka magazi, bwererani msanga mukawadziwitse kuti thumba lanu lichotsedwe lisanafike kwa wodwala. Amene mukufuna kulowa m'gulu la sabata ino, tsalirani kuti tilembe maina.