Mwana akamamira sakuwa: zomwe tinauzana titaweruka mapemphero

Zikomo abusa, zikomo amayi ndi abambo. Ndikudziwa kuti ena mwasiya nyemba pa mbaula, ndiye sindikuchedwetsani.

Nonse mwamva zomwe zinachitika Loweruka lija pa ulendo wathu wa mpingo ku phiri la Zomba. Ena mwauzidwa kuti mwana anafa. Sanafe. Dzulo lomweli ndamuona akukukuta chimanga chootcha pakhonde pa amayi ake. Ine ndinalipo, choncho ndinene momwe zinalili, chifukwa nkhaniyi pa WhatsApp yayamba kumera nyanga. Tinakhala m'mbali mwa damu la Mulunguzi, tayala zitenje, tikutsegula makontena a mpunga. Botolo la mwanayo linagubuduka n'kulowa m'madzi, iye n'kulitsatira. Mwana wa zaka 5. Anaponda mwala wa ndere, n'kuterereka. Akuluakulu tinalipo 9, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anamva kanthu. Anamuona ndi mnyamata wogulitsa mabulosi amene ankabwera kudzatitsatsa malonda. Anaponya mbale yake pansi, n'kugona chafufumimba m'mphepetemo, n'kumukoka pa kolala. Mabulosi onse mbwee m'matope. Tinamulipira mabulosi akewo, koma ine sindinathe kumuyang'ana kumaso.

Ambirife timaganiza kuti munthu akamamira amakuwa, amamenya madzi, mudzi wonse n'kumva. Sizitero. Kamwa ikangotulukira pamwamba, mwana amakoka kampweya pang'ono, n'kubwereranso pansi. Mpata woitana amayi alibe. Ukamuona patali umangoti akusewera. Mphindi imodzi isanathe, basi simumuonanso. Ndiye mawu amene ndabwera nawo lero ndi awa: mwana akakhala pafupi ndi madzi, akhale pomwe dzanja lanu lingamufikire. Maso okha sakwanira. Dzanja.

Nanga ife tinali kuti? Musaseke, ndikuuzani. Atsikana awiri ankadzijambula, damu lili kumbuyo, akukonza milomo. Abambo anali pa galimoto, akukangana za mpira. Ineyo, mayi wamkulu ndithu, ndinali kalikiliki kufunafuna masupuni m'chikwama. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo n'zoona, koma tsiku limenelo mawu amenewa ndi amene anatigoneka tulo. Aliyense mumtima ankati wina akuwaona anawa.

Tsopano ndamva ena akuti maulendo a ku phiri athe, kumeneko kuli mizimu. Ine ndikukana. Anthu amachoka ku Ulaya, kulipira ndege, kudzaona phiri lomwe ife timaliyang'ana tikutsuka mbale. Mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inakwera kumeneko mu 1965, n'chifukwa chake malo ena aja amatchedwa Emperor's View. Ukaima pamenepo kukakhala kowala umaona tawuni yonse ya Zomba pansi pako, nyanja ya Chilwa uko, phiri la Mulanje chapatali. Nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Kuli mathithi a Mandala, a Williams, kuli kadamu ka Chagwa kobisika m'mitengo, kuli mthunzi wa mapaini woti mwana wokulira m'fumbi la ku Chinamwali sanaukhalepo. Madzi omwe mumatsegula pa mpopi m'tawuni muno amachokera ku damu lomwelo la Mulunguzi, a Southern Region Water Board ndiwo amawatsitsa. Mdzukulu wanga atamva zimenezi anandifunsa kuti, "Agogo, ndiye nsomba sizitulukira pa mpopi bwanji?" Mwana woteroyo mumumane ulendo? Apite. Koma akafika pa madzi, akhale pomwe dzanja lanu lingamufikire.

(Bambo wina wokhala kumbuyo anadula: "Pepani amayi, ife tinakula tikusambira mu mtsinje wa Likangala popanda wotiyang'anira. Kodi ana a masiku ano si kuwalera mwaulesi kumeneku?")

Zikomo bambo, funso limenelo lili m'mitima ya ambiri muno, inu mwangolimba mtima. Inenso ndinasambira mu Likangala, ndinakwapulidwapo chifukwa chobwera kunyumba maso ali psuu. Koma kumbukirani bwino. Pa dziwe lomwe munkasambira paja munkapadziwa ngati m'nyumba mwanu. Munkadziwa mwala woterera, munkadziwa pomwe pamayambira pakuya, ndipo munali ndi achimwene anu amene anakuphunzitsani, amene ankakukokani tsitsi mukapita kolakwika. Wokuyang'anirani analipo, kungoti sanali mayi anu. Ana athuwa amasamba m'bafa ndi ndowa. Ambiri sanalowepo m'madzi opitirira m'mawondo. Ndiye tikuwatenga, tikukawaika pa madzi achilendo, tikuti adzionere okha.

Komanso damu si mtsinje. Mumtsinje umalowa pang'onopang'ono, mchenga ukuumva kuphazi. Damu ndi chigwa chomwe anachitseka n'kuchidzaza madzi. Pamene paja panali phedi, phedilo lilipobe pansi pa madziwo. Phazi loyamba madzi a m'kakolo, lachiwiri palibenso pansi. Pansipo pali matope omata, pali zitsa ndi nthambi zokola mwendo. Ndipo madzi a pamwamba pa phiri ndi ozizira, si a ku Chilwa ayi. Munthu ukagweramo mwadzidzidzi, thupi limadzidzimuka, umakoka mpweya mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi, chomwe wakokacho ndi madzi. Kenako manja ndi miyendo zimachita dzanzi. Zimenezi zimagwira ngakhale katswiri. Ndipo bambo, poti mwayamba ndinu, ndinene: abambo ena mumabisa timabotolo m'majekete pa maulendo a mpingo. Tikudziwa. Munthu atalawa amadziona ngati ng'ona, amavula malaya kuti ana aone. Ameneyo sangapulumutse mwana, tikhala tikuvuula awiri.

Chinanso, tikamati tinakula bwinobwino, timawerenga ife amene tili muno. M'kalasi mwathu munali mnyamata wina wothamanga kwambiri, ankakhala desiki ya kutsogolo kwanga. Anapita kukasambira nthawi ya dzinja mtsinje utadzaza. Anakamupeza patapita masiku awiri. Iyeyo sabwera pa misonkhano ngati uno kudzanena kuti ife tinakula tikusambira. Ndayankha bambo? Zikomo.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana pakhomo, ndithamange.

Ulendo ukubwerawu mwana aliyense alembedwa pa dzina la munthu wamkulu mmodzi. Wamkulu mmodzi, ana osapitirira atatu, ndipo ang'onoang'ono awiri okha. Ukafuna kupita kuseri, umupatse mnzako anawo pomutchula dzina, iye avomere ndi pakamwa. Woyang'anira ana pa madzi foni ikhale m'chikwama. Tinyamuke m'mamawa kuti tizitsika dzuwa likadalipo. Ana ang'ono asakwere wapansi njira ya Potato Path, ndi yotsetsereka kwambiri, akwere galimoto mpaka ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri, kuyenda kuyambire kumeneko. Ku Emperor's View ndi kutali kwa mwana wa zaka 5, mudzamubereka pobwerera, ndiye ang'ono azungulire kufupi ndi damu ndi mathithi basi. Nsapato zotseka, zogwira pansi. Mapatapata ayi, gogoda ayi, mayi mwandimva, kumeneko si ku ukwati. Juzi aliyense, ngakhale kuno kutenthe bwanji, chifukwa kumwambako nyengo imatembenuka msanga. Chifunga chikagwa, imani pamodzi, werenganani, musabalalike kufuna njira. Tengani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo aja, mumulipire, amadziwa tinjira tonse, paja safunsa anadya phula.

Pa mathithi miyala yonyowa ndi sopo weniweni, mwana asakwerepo kuti ajambulidwe. Ku Chingwe's Hole, kaya mumakhulupirira nkhani zakale zoti ankaponyamo anthu kaya ayi, dzenjelo ndi lenileni ndipo chapafupi pali phompho, mwana agwiridwe dzanja. Anyani musawapatse chakudya, ndipo mwana asayende ndi nthochi m'manja, amalanda. Moto musakoleze m'nkhalango, makamaka Seputembala ndi Okutobala, masamba a paini ouma amayaka ngati parafini, mwaona nokha phiri likamafuka utsi chaka ndi chaka. Mapepala ndi mabotolo tibwerere nazo, madziwo tikamwa ndife tomwe.

Wina akagwera m'madzi, musadumphiremo ngati simudziwa kusambira. Kuwani kuti anthu abwere. Gonani pansi ngati mnyamata wa mabulosi uja, mupatseni ndodo, nthambi, kapena chitenje. Ali patali, mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chimayandama. Mukamutulutsa, zomuzondotsa mutu pansi kapena kumufinya pamimba kuti asanze madzi, siyani, mukungotaya nthawi. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, mukwezeni chibwano, mutseke mphuno, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu, kenako kanikizani pakati pa chifuwa ka 30, mpweya kawiri, ka 30, mpweya kawiri, osaleka, wina akuthamangira galimoto. Akatsitsimuka muvuleni zonyowa, mumufunditse, ndipo apite ku chipatala cha Zomba Central tsiku lomwelo ngakhale aziseka, chifukwa madzi akalowa m'mapapo vuto limatha kuonekera patapita maola. Zokanikiza pachifuwazi Lachinayi ku chigwirizano tidzayeserera pa pilo, abambo mubwerenso, si za amayi okha.

Mwana pafupi ndi madzi akhale pati? (Anthu: "Pofika dzanja!") Sindinamve kumbuyoko. ("Pofika dzanja!") Eya.

Amayi alembi, pepala lija lili kuti? Liikeni pa tebulo la pakhomo. Aliyense wopita alembe dzina lake ndi ana amene akuwatenga, asanatuluke. Ine mundilembe awiri okha, mawondowa atha.