Musadule chigawo musanafunse ntchito yake

Zikomo a mfumu, zikomo makolo nonse. Ndaima pano chifukwa cha mphekesera ya sabata yatha, yoti ana athu akuitana mizukwa mu holo usiku. Kunalibe mzukwa. Anali mnyamata atafunda nsalu yoyera, akuyeserera sewero la Hamlet, limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1600. Nkhani yake imachitikira ku Denmark, kunyumba yachifumu ya Elsinore. Mzukwawo ndi wa mfumu, ukuuza mwana wake Hamlet kuti sinafe ndi njoka monga anthu anamvera. Mng'ono wake Claudius ndiye anaithira poizoni m'khutu ili mtulo, natenga ufumu ndi mkazi yemwe miyezi iwiri isanathe.

Tsono inu achinyamata, ine changa n'china. Ndamva mwadula zigawo, ati sewero latalika. Zoona, lonse limadya maola pafupifupi 4. Koma musadule chigawo musanafunse ntchito yake. Mwachotsa Fortinbras, kalonga wa ku Norway, eti sachita kanthu. Tawerengani anyamata amene abambo awo anaphedwa m'seweroli: alipo atatu. Laertes, mwana wa nduna ya mfumu, angomva za imfa ya bambo ake, uyo wathyola zitseko za mfumu, chigulu cha anthu pambuyo. Hamlet ndi wa maganizo, lero mawa, lero mawa. Fortinbras anasonkhanitsa asilikali, koma mfumu ya Norway itamuletsa kuukira Denmark, anamvera. Pomaliza wotsala wamoyo, wotenga ufumu, ndi iyeyo. Mukamuchotsa, oonera aziyerekeza Hamlet ndi ndani?

(Mayi wina: "Nanga aphunzitsi, bwanji Hamlet sanangomubaya Claudius pamene anamupeza akupemphera? Bwenzi nkhani itatha!")

Mayi, funso lanu ndiye mtima wa sewero lonse. Hamlet apeza bambo ake aang'ono aja atagwada okha, asolola lupanga, kenako alibweza m'chimake. Ambiri amati anagwidwa chifundo. Ayi ndithu. Iye akuti ndikamupha akupemphera mzimu wake upita kumwamba, pamene bambo anga anafa osalapa. Ndidikire ataledzera kapena ali pa tchimo lina. Mwamva? Hamlet, mwana wa sukulu ya ku Wittenberg ku Germany, sakukhutiranso ndi thupi, akufuna mzimu womwe ukapse. Kubwezera kwamufikitsa pamenepo. Chowawa n'chakuti ife oonera timamva Claudius akuvomera yekha kuti pemphero lake silikukwera, poti ufumu ndi mkazi sakufuna kuzisiya. Hamlet zimenezo sakuzidziwa.

Ndiye onani chigawo chotsatira. Ali m'chipinda cha mayi ake Gertrude, amva mawu kuseri kwa katani, abaya osayang'ana n'komwe. Wafa ndi Polonius, bambo a Laertes ndi Ophelia. Pa wolakwa anaganiza mpaka kulibweza lupanga, pa nkhalamba yongomvetsera sanaganize ngakhale pang'ono. Zigawo ziwirizi zinagundizana dala. Kuchokera apo Ophelia achita misala n'kumira m'madzi, Laertes apaka poizoni ku lupanga, ndipo pofika kumapeto anthu 8 atha, chonsecho mzukwa unatchula mmodzi. Ndiye makolo amene mumaopa kuti seweroli likuphunzitsa ana kupha, bwerani mudzaonere mpaka kumapeto.

Anyamata akumbuyoko, mafoni pansi. Chidule cha pa intaneti chingokuuzani amene anafa, chifukwa chake ayi. Ndi inu nomwe munati za adzukulu zichoke, n'zoseketsa chabe. Ndani pano sanamvepo adzukulu akuseka kumanda, ife tikulira kusiwa? Awonso akukumba manda a Ophelia akuimba, ndipo pamenepo m'pamene Hamlet anyamula chigaza cha Yorick, munthu amene ankamubereka ali mwana. Munthu amene wakhala akukamba za imfa waigwira m'manja asanakumane ndi yake. Ndibwerezenso: musadule musanafunse.

Ndaona ena ayamba kuyasamula, ndithamange. Pa chigawo chilichonse funsani kuti uyu akufuna chiyani, chifukwa chimene akunena n'chiyani, nanga chenicheni n'chomwecho? Kenako, chasintha n'chiyani chigawocho chikamatha? Ngati palibe, dulani, sindikuletsani. Loweruka masana Fortinbras abwerera, ndipo wofuna mbali imeneyo atsalire tikamabalalika.