Makalata a omvera: kudikira kumbuyo kwa lole

Takulandiraninso, omvera athu, pa nthawi ya makalata anu. Sabata ino ambiri mwalemba za pa msewu, ndiye ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina amene amayendetsa minibasi pakati pa Kasungu ndi Lilongwe. Akuti:

"Achimwene, tatilankhulirani kwa anthu amene timawanyamulawa. Ngozi ikachitika, onse amati dalaiva ndiye wolakwa. Koma ndikamatsata lole ya fodya pang'onopang'ono podikira malo abwino opitirira, kumbuyoku amayamba: 'Adalaiva, mwanyamula mazira?' Wina: 'Koma tifika lero?' Kondakitala naye amandikumbutsa kuti anzathu atitolera anthu onse pa Madisi. Madzulo abwana akufuna ndalama yokwanira. Ndimvere ndani?"

Bambo, zikomo polemba. Zimene mwanenazi ndi zoona, aliyense wokwera minibasi anazimvapo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchokera pa Kasungu kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M1 ndi makilomita pafupifupi 130. Mukayenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola, ulendowu ungakutengereni ola limodzi ndi mphindi 38. Mukakwezera pa 100, ndi ola limodzi ndi mphindi 18. Phindu lake ndi mphindi 20 basi, ndipo ndiye kuti simunaime paliponse. Nanga mahampu a m'matauni, apolisi a pamsewu, wotsika pa Madisi, wokwera pa Mponela ndi matumba ake a mtedza? Mphindi 20 zija zimathera pomwepo. Ndiye chifukwa chake galimoto imene inakupitirirani mwaukali mumakaipeza itaima patsogolopo, mukadutsa, iyo n'kudzakupitiriraninso. Akuluakulu sananame kuti kuthamanga sikufika.

Tsono mtengo wa mphindi zimenezo ndi uwu. Pa liwiro la 100, galimoto imayenda mamita 28 pa sekondi imodzi. Mwana akatulukira kuseri kwa ngolo, nthawi yoti maso aone, mutu uzindikire, phazi lichoke pa mafuta lifike pa buleki, mwadutsa kale mamita amenewo musanayambe n'komwe kuima. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Onjezanipo katundu wodzadza kumbuyo, matayala otha, ndi msewu wonyowa wa m'dzinja. Wokuwa kumbuyo uja zonsezi saziona, iye akuona wotchi yake. Chiwongolero chili m'manja mwanu, bambo, ndipo moyo wa wokuwayo ulinso momwemo. Mzere woyera wosadukiza ukakhala pakati pa msewu, pa chitunda kapena pokhota, khalani kumbuyo kwa lole mpaka muone kutsogolo ndi maso anu.

Ndilankhulekonso kwa eni minibasi, poti nanunso mumamvera. Ndalama imene mumalamula kuti ibwere madzulo ikakhala yosatheka popanda kuthamanga, ndiye kuti inu amene mwatsala kunyumba mukupondanso nawo mafuta. Khalani pansi ndi dalaiva wanu muwerengere bwino maulendo amene angatheke pa tsiku.

Yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa mayi wina wa ku Santhe. Akuti anakwera kabaza wa njinga yamoto, ndipo atamupempha mnyamatayo kuti achepetse liwiro, anzawo anawaseka kuti ndi amantha. Akufunsa ngati analakwitsa. Ayi mayi, munachita bwino kwambiri. Mwalipira ndalama yanu, ndipo amene angagwe pa phula ndi inu ndi mwana amene mwabereka kumbuyoyo. Akakana kumva, muuzeni aime, tsikani. Ndipo musanakwere, funsani chipewa chotetezera mutu.

Yachitatuyi ndaiwerenga mobwerezabwereza. Yachokera kwa mnyamata wa ku Nkhamenya:

"Ndinakhoza MSCE koma ndili pakhomo, ndikulima ndi makolo. Anzanga anapita ku Joni, pa Facebook ndimangoona nsapato ndi mafoni. Madzulo ndimakhala pa msewu kuonerera mabasi akudutsa, mtima n'kumandiwawa kuti ine ndatsala. Pali munthu akuti akhoza kundiwolotsa popanda mapepala. Ndikufuna tigulitse gawo la munda, koma bambo akukana. Kodi sakundichedwetsa?"

Mphwanga, ululu umenewu ndikuumva, ndipo sindingakuuze kuti ungokhala chete n'kumaonerera. Kufuna kupita patsogolo si tchimo. Koma ulendo umene ukunenawu uli ngati kupitirira lole pa chitunda: chimene chikubwera mbali inayo sukuchiona, ukungokhulupirira mawu a munthu amene akufuna ndalama yako. Ku South Africa, ogwidwa opanda mapepala amasungidwa ku malo osungirako anthu otere otchedwa Lindela kenako n'kubwezedwa kwawo. Ngakhale pasipoti yeniyeni siipatsa munthu chilolezo chogwira ntchito kumeneko. Anzako amaika zithunzi za tsiku labwino. Chipinda chimene amagonamo mothithikana ndi masiku amene amabisala sazijambula. Ena zinawayenderadi, sindikukana, koma uwafunse paokha, usiku pa foni, akuuze zonse.

Munda ukagulitsidwa subwerera, ndipo si wako wekha, alongo ako ndi ang'ono ako akudyanso pomwepo. Bambo ako pokana akuteteza chinthu chimene ungadzabwererepo zinthu zikavuta. Usakangane nawo. Apemphe kachigawo koti ulime wekha chaka chino, soya kapena mtedza, ndalama yake ikhale yako. Ukakolola usathamangire kugulitsa kwa mavenda nthawi imene aliyense akugulitsa, poti mtengo umakhala wotsika; sunga matumba angapo miyezi ingapo ngati pakhomo pali chakudya. Pita ukafunsenso za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, monga zowotcherera, zamagetsi kapena zomangamanga. Ngati mtima udzakhalabe pa ulendo, udzapite ndi pasipoti yako, luso lako ndi ndalama yobwererera m'thumba.

Kalata yako yasonyeza kuti iwe ndi bambo ako simukumvana bwino masiku ano. Uitane amalume ako akhalepo pokambirana za kachigawo kaja, mvula isanagwe. Zikatha, undilemberenso undiuze mmene mwagwirizanirana.